Mabala a nthawi ya kachewere: komiti ya chipatala ingachitepo chiyani pa nkhanza?

Funso: Ndine wapampando wa komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono ku Ntcheu, mbali ya ku Lizulu. Kachewere akangogulitsidwa, anamwino amakhalira kusoka anthu okhapana kumowa, kulandira amayi otupa maso ndi ana owotchedwa manja. Ku msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko cha dera lathu, mlendo wina anatiuza kuti nkhanza ndi nkhani ya zaumoyo ndipo zingapewedwe ngati matenda. Ife timadziwa kuti womenya mnzake ndi wa apolisi ndi amfumu. Kodi a komiti ngati ife, opanda ndi ndalama zomwe, tingachitepo chiyani?

Yankho: A Wapampando, mlendo wanuyo sananame, kungoti anakusiyani m'malere. Apolisi ndi amfumu palibe akuwalanda ntchito. Wokhapa mnzake amangidwe ndithu, wogwiririra mwana akayankhe kukhoti. Koma onsewa amafika magazi atatayika kale. A zaumoyo amafunsa funso lina: n'chifukwa chiyani mabalawa amachuluka mwezi wakuti, tsiku lakuti, pamalo akuti, ndipo n'chiyani chingasinthidwe pamenepo kuti wotsatira asafike n'komwe pa benchi ya chipatala? Mukukumbukira mmene alangizi a zaumoyo anagwirira ntchito kolera itabuka mu 2022. Sankangoika madiripi. Ankalemba kuti wodwala wachokera mudzi uti, madzi amatunga kuti, anadya pamaliro ati, ndipo odwala akachulukira pa chitsime chimodzi ankapita kukachithira mankhwala. Nkhanza nazonso zili ndi zitsime zake, ndipo zimapezeka polemba ndi kuwerenga.

Maganizowa si a dzana. Mu 1996 msonkhano waukulu wa mayiko a m'bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO unagwirizana kuti nkhanza ndi vuto lalikulu la umoyo wa anthu, ndipo mu 2002 bungweli linatulutsa lipoti loyamba la dziko lonse lapansi lofotokoza njira yake. Mumayamba ndi kudziwa kukula ndi maonekedwe a vuto, n'kufufuza zomwe zimalikolezera ndi zomwe zimateteza anthu, n'kuyesa chochita pamalo ochepa kuti muone ngati chathandiza, ndipo chomwe chatheka ndicho mumafalitsa. Makomiti ambiri amalumpha ziwiri zoyambazo. Amathamangira kuguba ndi zikwangwani ndi matisheti m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza a mu Novembala ndi Disembala aja, kenako n'kumadabwa kuti anamwino akusokabe. Inu yambirani pa kaundula.

Kaundula wake ndi wa chipatala, osati wa polisi, ndipo chifukwa chilipo. Dokotala wina wochita maopaleshoni a nkhope ndi nsagwada mumzinda wa Cardiff ku Wales, Jonathan Shepherd, anaona kuti ambiri mwa omenyedwa omwe ankawasoka sankapita n'komwe kupolisi. Chipatala chinayamba kufunsa wovulala aliyense malo, nthawi ndi chida, n'kumapereka zimenezi kwa apolisi ndi khonsolo popanda dzina la munthu. Apolisi anadziwa misewu yoyenera kulondera ndi ola lake, ndipo ogonekedwa chifukwa chomenyedwa anachepa poyerekeza ndi mizinda ina yofanana ndi Cardiff. Kwathu kuno zifukwa zosapitira kupolisi n'zosasowa: n'kutali, kabaza amafuna ndalama, ndipo womenyayo nthawi zambiri ndi mwamuna wako kapena mlamu wako. Koma bala likakana kuleka magazi munthu amapita kuchipatala.

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, mujambule mizere isanu ndi inayi. Mzere woyamba ukhale wa msinkhu, m'magulu: osakwana zaka 5, zaka 5 mpaka 9, 10 mpaka 14, 15 mpaka 17, 18 mpaka 24, 25 mpaka 49, ndi 50 kupita m'tsogolo. Wachiwiri, mwamuna kapena mkazi. Wachitatu ndi wachinayi, tsiku la pasabata ndi ola lomwe zinachitikira, osati lomwe wafikira pachipatala, chifukwa wokhapidwa Loweruka usiku amatha kubwera Lolemba. Wachisanu ukhale wa mtundu wa malo: pakhomo, pamowa, pamsika, panjira, kusukulu, kumunda, pa mpira, pamaliro. Wachisanu ndi chimodzi, chida: manja, chikwanje, mpeni, botolo, mpini, chibonga, moto kapena madzi otentha. Kenako ubale wa wovulazayo ndi wovulala, monga mwamuna kapena mkazi wake, kholo kapena womulera, wachibale wina, woyandikana naye, mphunzitsi, gulu la anthu, kapena wosadziwika. Kenako mowa: anamwa ndani, wovulala, wovulaza, onse awiri kapena palibe. Mzere wotsiriza ndi wa choyambitsa, m'mawu amodzi kapena awiri okha, monga ndalama, malire a munda, nsanje, ngongole, kuba, ufiti. Dzina musalembe, nambala ya foni musalembe, mudzi weniweni musalembe. Ngati mukufuna dera, lembani la gulupu basi. Wozolowera amadzaza mzere wonse mphindi ziwiri zisanakwane. Mukawonjezera mafunso ena khumi, kopelo lidzafa mwezi usanathe, chifukwa namwino amene ali ndi odwala 80 panja sangakhale n'kumalemba nkhani.

Musanayambe, kambiranani ndi mkulu wa chipatala chanu, ndipo iye adziwitse ofesi ya zaumoyo ku boma. Kopelo likhale m'kabati yokiya, lizigwiridwa ndi adokotala ndi anamwino okha. Apa tinene mosabisa: inu a komiti musamalione. Ndinu anthu a m'dera lomwelo, ndipo mzere wonena kuti mtsikana wa zaka 10 mpaka 14 wa kwa gulupu wakuti wachitidwa chipongwe ndi mphunzitsi ndi dzina kale, ngakhale dzina silinalembedwe. Chomwe chizifika pa tebulo lanu ndi ziwerengero za pamwezi, ndipo gulu lililonse lomwe muli anthu osakwana asanu liphatikizidwe ndi lina. Chinsinsi chikangotuluka kamodzi, amayi adzasiya kunena zoona, ndipo kope lanu lidzadzaza ndi anthu ogwa panjinga.

Kufunsa nako kuli ndi kafunsidwe kake. Mayi amene wabwera ndi mwamuna wake, mwamunayo n'kumamuyankhira funso lililonse, sanganene chilichonse. Namwino apeze njira yoti akhale awiri, mwina ponena kuti kuyeza kotsatira kumafuna kuti ena onse atuluke. Mwana woposa zaka ziwiri nayenso asakhalepo, chifukwa amakabwereza kunyumba zomwe wamva. WHO silimbikitsa kufunsa mayi aliyense wolowa m'chipatala. Afunsidwe amene zizindikiro zikuoneka: bala losagwirizana ndi nkhani yake, kuvulala kobwerezabwereza, mabala a misinkhu yosiyana pathupi limodzi, mutu ndi m'mimba zosatha koma zosapezeka chifukwa, kusowa tulo, kapena kuyankhula zofuna kudzipha. Funso likhale lofatsa, monga lakuti, "Amayi ambiri obwera ndi bala lotere amakhala kuti wina wawapweteka kunyumba. Kodi inu zili bwanji?" Akakana, musamukakamize. Muuzeni kuti chitseko n'chotsegula tsiku lina lililonse. Chinanso chomwe ambiri amaiwala ndi buku la kuchipatala. Bukulo limapita kunyumba, ndipo mwamuna amaliwerenga. Musalembemo kuti wamenyedwa ndi mwamuna wake musanamufunse mwiniwake ngati n'zotheka kutero popanda kumuika pamoto.

Pemphani ziwerengero zofanana ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya polisi yanu, ndi kwa alembi a mabwalo a magulupu. Musaziphatikize ndi za chipatala, chifukwa munthu mmodzi akhoza kupezeka m'makope onse atatu. Ziikeni pambali pa zinzake muone kusiyana. Lembani miyezi isanu ndi umodzi musanagamule kalikonse, ndipo chaka chathunthu ndiye chabwino, chifukwa ndewu za nthawi ya ndalama ndi zosiyana ndi za mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zauma. Dziwaninso kuti kope lanu lidzagwira ochepa chabe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse omwe anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Wina wa 2013 wokhudza ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18, ndipo anyamata pafupifupi awiri mwa atatu anamenyedwapo. Ambiri mwa amenewa sanafike pachipatala chilichonse. Kopelo silikuuzani kuchuluka kwenikweni. Likuuzani maonekedwe, ndipo maonekedwewo ndi omwe mukufuna.

Tiyerekeze kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi mwalemba anthu 90. Mukawagawa mwapeza kuti 40 ndi amuna a zaka 18 mpaka 49 ovulazidwa pamowa kapena panjira yochokera kumowa, ambiri tsiku la msika pakati pa 7 ndi 11 koloko usiku, ndi botolo kapena chikwanje. Amayi 30 avulazidwa pakhomo ndi amuna awo, choyambitsa chochuluka n'kukhala ndalama. Ana ndi 12, ndipo otsalawo ndi a malire a minda ndi ogwidwa ndi gulu. Pamenepo mulibenso vuto limodzi lotchedwa nkhanza. Muli ndi mavuto atatu kapena anayi osiyana, lililonse ndi mankhwala ake, ndipo komiti yopanda ndalama isankhe limodzi, zikachuluka awiri.

Zokolezera musazifunefune mwa womenya yekhayo. Zina zili mwa munthu, monga kuledzera kapena kukula akuona bambo ake akumenya mayi ake. Zina zili m'banja, zina m'dera, monga kuchuluka kwa malo omwera mowa ndi mdima wa pamsika, zina m'zomwe tonse timavomereza osaziganizira. M'midzi ya chikamwini muli mfundo imodzi yofunika kuiyang'anitsitsa. Munda ndi wa kuchikazi, feteleza mwina wagula ndi mwamuna, kupalira ndi kukwezera agwira onse, koma wopita ndi matumba kumsika ndi mwamuna yekha. Akabwerako patatha masiku atatu ndi ndalama zosakwana, funso lakuti "zina zili kuti" ndilo limabala diso lotupa. Fufuzaninso mbali inayo. Ngati gulupu wina sakuoneka m'kope pamene anthu ake amalimanso kachewere, kafunseni chomwe amachita chosiyana, mutatsimikiza kaye kuti si mtunda wokha womwe ukuwalepheretsa kufika.

Ngati kope laloza kumowa, muli ndi mwayi, chifukwa apa ndi pomwe zinthu zimasintha msanga. Mumzinda wa Diadema ku Brazil akuluakulu ataona kuti kuphana kwambiri kumachitika usiku pafupi ndi malo omwera mowa, mu 2002 analamula kuti mowa usagulitsidwe kuyambira 11 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo kuphana kunatsika ndi magawo oposa 40 pa 100. Sanaletse mowa. Anangodula maola omwe ziwerengero zinawalozera. Inunso musayambe ndi kuphwanya mbiya za kachasu. Ambiri otcheza kachasu ndi amayi omwe akulipirira ana sukulu, ndipo mukawasandutsa adani mowawo ungosamukira kuseri kwa nyumba komwe palibe auone. Aitaneni, pamodzi ndi eni mabala ndi mashabini, muwaonetse ziwerengero, mugwirizane zinthu zochepa zotheka kuzilondola. Ola lotsekera likhale ola limodzi isanafike nthawi yomwe ovulala amachuluka. Chikwanje, mpeni ndi chibonga zisalowe pamalo omwera, zisungidwe ndi mwini malo mpaka mawa. Woledzera kale asagulitsidwenso, mwana wosakwana zaka 18 asagulitsidwe ngakhale atatumidwa ndi bambo ake. Asalandire chikole cha katundu wa pakhomo, monga thumba la feteleza, chimanga kapena ndowa, chifukwa ndewu ya chikolecho imakachitikira kunyumba. Babu imodzi ya sola pakhomo pa bala ndi panjira yotulukira pamsika, ndi a community policing anayi oyenda awiriawiri pa maola okhawo a tsiku la msika, ndi zinthu zomwe dera lingakwanitse.

Zomwe zimalepheretsa zimadziwika. Lamulo la amfumu lokha silikhala ndi mphamvu kukhoti ngati silinadutse ku khonsolo, choncho lipititseni kudzera ku ADC ndi khansala. Likamagwira osauka n'kusiya malo omwera mowa a munthu wotchuka, limafa sabata yomweyo. A community policing akayamba kumenya oledzera, ndiye kuti mwangowonjezera mzere wina m'kope. Ndipo inu a ku Lizulu muli ndi vuto lanulanu: m'malo ena msewu wa M1 ndiwo malire, ndiye mukatseka mbali ino anthu angowoloka n'kukamwera ku Mozambique. Mafumu a mbali ziwirizi ndi anthu odziwana. Popanda kukhala nawo pansi a tsidya linalo, ola lanu lotsekera lidzangosamutsa makasitomala.

Nkhanza za m'banja ndiye zimafuna kuleza mtima. Msonkhano wa tsiku limodzi pansi pa mtengo umasintha zoyankhula za anthu, koma manja ayi. Zomwe zaoneka kuti zimathandiza ndi zobwerezabwereza, m'magulu aang'ono, kwa miyezi. Ku Limpopo ku South Africa, pulogalamu yotchedwa IMAGE inaphatikiza ngongole zazing'ono za amayi ndi maphunziro khumi a ola limodzilimodzi okhudza mphamvu m'banja, nkhanza ndi HIV, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinaonetsa kuti patatha zaka ziwiri nkhanza zochokera kwa amuna awo zinatsika ndi magawo 55 pa 100. Atayerekeza ndi midzi yomwe inangolandira ngongole popanda maphunziro, anapeza kuti chuma chinakwera koma kutsika kwa nkhanza kuja sikunaoneke. Phunziro lake kwa inu ndi la banki m'khonde. Magulu alipo kale m'midzi yanu ndipo amakumana sabata iliyonse. Ndalama zokha sizimuteteza mayi, nthawi zina tsiku logawana ndilo tsiku lomenyedwa. Onjezerani ola limodzi la zokambirana pa misonkhano khumi kapena khumi ndi iwiri yotsatizana, anthu 15 mpaka 20, ndipo pa ina mwa misonkhanoyo amuna awo abwere. Nkhani imodzi yoti isasowe ndi yogwirizana za ndalama mbewu isanakumbidwe: matumba angati a fizi, angati a feteleza, angati a pakhomo, ndipo kumsika apite ndani.

Ku Kampala ku Uganda njira yotchedwa SASA! inagwiritsa ntchito anthu wamba a m'dera, amuna ndi akazi, omwe ankakambirana ndi anzawo kulikonse komwe amakumana, kwa zaka pafupifupi zitatu. Zotsatira za mu 2014 zinaonetsa kuti kumenyedwa kwa amayi kunali kotsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi madera omwe sanachite nawo. Kwanu anthu oterowo ndi ankhoswe, anamkungwi, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, ndi atcheya a kabaza. Ankhoswe ndiwo ofunika koposa, chifukwa mayi womenyedwa amayambira kwa iwo, ndipo yankho lomwe amalandira kawirikawiri ndi lakuti banja ndi kupirira. Posankha anthuwa funsani amayi mwakachetechete. Mukaika patsogolo munthu yemwe mudzi wonse ukudziwa kuti amamenya mkazi wake, ntchito yonse yasanduka nthabwala.

Za ana owotchedwa manja, kholo lomwe lachita zimenezi lapalamula mlandu, ndipo mwanayo ayenera kudziwika kwa a Social Welfare malinga ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Koma kupewa kwake n'kuphunzitsa makolo chochita m'malo mwa chikoti ndi moto, chifukwa kungowauza kuti lekani n'kuwasiya manja ali m'khosi. Kuyamikira mwana akachita bwino, lamulo limodzi lomveka m'malo mwa khumi, chilango chogwirizana ndi cholakwa monga kubweza pogwira ntchito, ndi kholo kuchokapo kaye mtima ukawira. Malo ophunzitsira alipo kale: kusikelo ya ana ndi kusukulu za mkombaphala.

Pa atsikana, umboni wina wabwino unachokera kwathu konkuno. M'sukulu za ku Dedza, Lilongwe ndi Salima, bungwe la Ujamaa Pamodzi linaphunzitsa atsikana njira yotchedwa IMPower, maola awiri pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi: kuzindikira ngozi isanafike, kukana mokweza mawu, kukuwa, kudzipulumutsa m'manja mwa munthu, ndi kukanena. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2018 zinaonetsa kuti mwa ophunzitsidwawo, ogwiriridwa m'chaka chimodzi anatsika kuchoka pa 15 kufika pa 9 mwa 100 aliwonse, pamene m'sukulu zosaphunzitsidwa sanatsike. Izi sizikutanthauza kuti udindo ndi wa mwana. Zikungoonetsa kuti maola 12 ophunzitsidwa bwino amatha kuteteza atsikana. Pa maukwati a ana, chitsanzo chilinso pafupi. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inasainitsa mafumu ake pangano, inaimitsa paudindo omwe ankalolabe maukwatiwa, ndipo inathetsa maukwati mazanamazana n'kubweza ana kusukulu. Malamulo ali kumbuyo kwanu: la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017 anaika zaka 18. Chomwe chimagwetsa ntchitoyi ndi za mawa lake. Mtsikana wochotsedwa kubanja koma wopanda yunifolomu, kope ndi womulerera mwana amabwerera komwe anachoka. Amayi a mother group akhale ndi mayina a atsikanawo, aziwayendera mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse.

Mukaona m'kope agogo omenyedwa ndi gulu, yang'anani zomwe zinachitika masiku atatu m'mbuyo mwake. Kawirikawiri pamakhala maliro adzidzidzi. Nthawi yoopsa ndi ya pakati pa imfa ndi kuika maliro, ndipo chothandiza n'chakuti adokotala afotokozere abale chomwe chapha munthu m'mawu omveka, amfumu ndi apolisi adziwitsidwe mphekesera zikangoyamba, ndipo wotchulidwayo achotsedwepo usiku womwewo. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito.

Kusamalira ovulala kale ndi mbali ya kupewa, ndipo apa komiti yanu ili ndi mphamvu zenizeni. Wogwiriridwa ayenera kuyamba mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, maola 72 asanathe, ndipo amamwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka maola 120, koma akamwedwa msanga ndiye amagwira bwino. Amafunikanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana, ndi katemera wa kafumbata ngati pali bala. Chithandizo chisadikire kalata ya kupolisi. Anthu ambiri amataya masiku awiri akuyenda kwa amfumu, kwa ankhoswe ndi kupolisi, n'kufika pachipatala maola 72 atadutsa. Lengezani m'matchalitchi ndi pamisonkhano kuti koyambira ndi kuchipatala, ndi bwino asanasambe, koma ngakhale atasamba apitebe. Zovala zikulungidwe m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Mwezi uliwonse funsani mkulu wa chipatala mafunso anayi: PEP ya akulu ndi ya ana ilipo, mapiritsi adzidzidzi alipo, kiyi wa kabati ya mankhwalawa amakhala ndi ndani Loweruka usiku, ndipo chipinda chofunsira chili ndi chitseko chotsekeka? Pakhoma pakhale manambala a Victim Support Unit, a woteteza ana wa m'dera lanu, a malo a Chikwanekwane omwe muli nawo pafupi (komwe achipatala, apolisi ndi a Social Welfare amathandizira pamodzi), ndi aulere aja, 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Kathumba kakang'ono ka ndalama ya kabaza kokwana maulendo awiri kapena atatu pamwezi kamapulumutsa milandu yambiri kuposa semina.

Anamwino, ankhoswe ndi amfumu adziwe zizindikiro zoti mayi akhoza kuphedwa: mwamuna anamukanyangapo pakhosi, anamuopseza ndi chikwanje kapena mpeni, anamumenya ali woyembekezera, kumenyako kukuchulukira ndi kukulirakulira, kapena wanena kuti adzamupha n'kudzipha. Nthawi yomwe mayi akuchoka pabanja ndi yoopsa kwambiri, choncho musamuuze kuti ingonyamukani popanda dongosolo. Akonzeretu kokafikira, asungitse chiphaso, mabuku a kuchipatala ndi kandalama kwa munthu wodalirika, agwirizane ndi woyandikana naye chizindikiro choitanira thandizo, ndipo mkangano ukayamba apewe kukhitchini ndi kuchipinda komwe kumakhala makasu ndi zikwanje. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti la majisitireti kupereka chiletso choti womenyayo asamuyandikire, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Milandu yotere, ndi yonse yogwiririra, si yoyanjanitsa pabwalo. Chenjeraninso ndi chindapusa. Mbuzi yomwe mwamuna walipira kwa amfumu imachoka m'khola la banja lomwelo, ndiye wolangidwa weniweni ndi mayi ndi ana, ndipo ulendo wina mayiyo sadzanenanso.

Mukayamba chochita chanu, lembani tsiku loyambira m'kope momwemo. Musadabwe ziwerengero za amayi ndi ana zikakwera miyezi yoyamba. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti anthu ayamba kukhulupirira chipatala, osati kuti kumenya kwachuluka, ndipo makomiti ena amasiya ntchito yabwino pa chifukwa chimenechi. Yang'anani zomwe sizibisika: mabala ofuna kusoka, otumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma, ovulala usiku wa tsiku la msika. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, osati ndi mwezi wangothawu, chifukwa ndewu zimatsika zokha ndalama za kachewere zikatha ndipo mungadzitamande pachabe. Ngati chipatala choyandikana nacho chingavomere kusunga kope lofanana osasintha kalikonse chaka choyamba, mudzadziwa ngati kusinthako n'kwanu kapena n'kwa nyengo. Chomwe sichinasinthe kanthu patatha nyengo yathunthu yokolola chisiyeni, muyese china. Ndipo phunzitsani anthu atatu kudzaza kopelo, mmodzi akhale wogwira usiku, chifukwa makope otere amafa tsiku lomwe namwino amene anawayambitsa wasamutsidwa. Pa mndandanda wa zinthu zomwe wochoka amasiyira wobwera, kopelo ndi kiyi wake zilembedwepo pamodzi ndi mankhwala.